Ulendo wa ku Uis m'chipululu cha Namibia: kodi ndi woyenera kutayirapo ndalama?

Mwana_wa_Macanga
Akuluakulu ndi amayi a pa gulu lino, ndabwera kudzapempha nzeru, pakuti safunsa anadya phula. Mlamu wanga, amene tinkagwira naye ntchito yokonza makina ku migodi ya malasha kuno ku Moatize, anapeza ntchito ku Namibia zaka ziwiri zapitazo ndipo akukhala m'katauni kotchedwa Uis. Wandiitana kuti ndikamuone pa tchuthi changa cha mwezi wa Julaye, ndipo wati malo ogona ndi chakudya zikakhala kwa iye, koma ndalama ya ulendo ndidzipezere ndekha. Vuto lili kunyumba. Zithunzi zimene amatumiza zimangoonetsa miyala, phiri lofiira, mulu waukulu wa dothi loyera ndi mbuzi zochepa, choncho mayi a kunyumba andiuza mosapsatira kuti ngati ndikufuna kuona miyala ndi mbuzi ndikwere shapa (minibasi) ndipite ku Changara, ndipo madzulo ake ndikhala nditabwerako. Kodi alipo pakati pathu amene anafikako? Njira yake ndi iti, ndipo kuli chiyani choti munthu wa ku Tete n'kuchokerako atapindula?

Nkhalamba_ya_Zobue
Mayi a kunyumba kwanuwo ndi anzeru, ndipo ndalamayo mugulire malata.

Woyendetsa_Thiraki_Tete
Achimwene, ine ndadutsa dera limenelo kangapo popita ku doko la Walvis Bay, ndipo ku Uis ndinagonako kamodzi. Njira yachidule kwa ife ndi yotulukira pa chipata cha Cassacatiza, kulowa Zambia pa Chanida, kufika ku Katete kumene timapita ku Kulamba, kenako Lusaka, Livingstone mpaka Sesheke. Pamenepo mumawoloka Zambezi wathu yemweyu pa mlatho umene unatsegulidwa mu 2004 n'kulowa Namibia pa Katima Mulilo. Kuchoka apo ndi Rundu, Grootfontein, Otjiwarongo ndi Omaruru. Pa mabasi muwerengere masiku atatu kapena anayi, ndipo m'chiuno mudzamva.

Gawo lovuta ndi lomaliza. Kuchoka ku Omaruru kukafika ku Uis ndi makilomita pafupifupi 120, ndipo pamene ndinadutsapo unali msewu wa miyala wopanda phula. Musayembekezere kuti mukapeza shapa yoimika ndi dzanja ngati pa msewu wa ku Ulongue, chifukwa mukhoza kukhala ola lathunthu osaona galimoto ngakhale imodzi. Mlamu wanuyo akakutengeni ku Omaruru, ndipo m'galimotomo mukhale madzi okwanira ndi tayala lapadera lokhala ndi mpweya. Ndalama ya kumeneko ndi dola ya Namibia, imene mphamvu yake ndi yofanana ndi randi, ndipo randi amailandira paliponse, koma metikali palibe amene angakusinthireni.

Mwana_wa_Macanga
Zikomo kwambiri akulu. Ndimafuna kumutengera mlamuyo nyama ya mbuzi yofutsa ya kwathu kuno, chifukwa akuti akuilakalaka.

Woyendetsa_Thiraki_Tete
Musayerekeze, chifukwa ikathera pa chipata. Ngakhale itapulumuka pa malire, pakati pa Rundu ndi Grootfontein pali chipata cha Mururani, pamene pamadutsa mpanda wa zachipatala cha ziweto, ndipo nyama yochokera kumpoto siiloledwa kupita kummwera. Mumutengere ufa, nyemba za ku Angónia kapena chikowa chouma cha ku Cahora Bassa, koma nazonso mufunse kaye pa malire musanawoloke nazo.

Mphunzitsi_Wopuma
Ine sindikugwirizana ndi a Nkhalamba_ya_Zobue, ndipo ndikupempha kuti mundilole kulemba motalikirapo. Mwa anthu onse oyenera kukaona Uis, woyamba ndi munthu amene amadya za mgodi wa ku Moatize.

Chimene chinabala tauni imeneyi ndi tini, chitsulo chofewa chija amakutira nacho zitini za nsomba ndi kulumikizira mawaya a mu wailesi ndi mu foni. Mwala wake unapezeka m'derali mu 1911, nthawi imene dzikolo linali m'manja mwa Ajeremani, koma mgodi waukulu unayamba mu 1958 pansi pa kampani ya zitsulo ya ku South Africa yotchedwa Iscor. Kampaniyo ndi imene inamanga nyumba za antchito ndi kubweretsa madzi ndi magetsi pamalo pamene panalibe chifukwa china chilichonse chomangirapo tauni. Mwala wa ku Uis uli ndi tini wochepa, moti pamafunika kuphwanya matani ambiri kuti mupeze kanthu kogulitsa, ndipo mulu woyera umene mukuuona pa zithunziwo ndi zotsalira za ntchito imeneyo. Mu 1985 mtengo wa tini unagwa pa msika wa dziko lonse, ndipo mu 1990, chaka chomwecho chimene Namibia inalandira ufulu wodzilamulira, mgodiwo unatsekedwa. Antchito ambiri anabalalika, nyumba zinagulitsidwa, ndipo pofika 2010 boma linatsitsa udindo wa malowo kuti asawerengedwenso ngati mudzi wokhala ndi khonsolo yakeyake. Panapita zaka pafupifupi 30 kuti kampani ina, imene inkatchedwa AfriTin ndipo tsopano ndi Andrada Mining, iyambirenso kukumba mu 2019.

Tsono tayang'anani kwathu kuno. Kampani ya Vale inayamba kutulutsa malasha ku Moatize mu 2011, ndipo mu 2022 inagulitsa mgodi ndi njanji ya ku Nacala kwa Vulcan. Kampani ya Rio Tinto inalowa ku mgodi wa Benga mu 2011 ndi ndalama zoposa madola 3 biliyoni, n'kutulukamo mu 2014 italandira madola 50 miliyoni okha. Eni migodi amasinthana ngati alendo a pa malo ogona, koma anthu a pa mudzi amatsala pomwepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pitani mukaone ndi maso mmene tauni ya mgodi imaonekera mgodi ukagona tulo kwa zaka 30, ndi chimene anthu otsalawo ankadya.

Nkhalamba_ya_Zobue
Aphunzitsi, malasha a ku Moatize ndi ochuluka moti adzatha ife tonse titaiwalika. Musaopseze ana.

Mphunzitsi_Wopuma
Bambo, ku Uis tini sanathe, ndipo ndi chifukwa chake akukumbanso lero. Chimene chinatha ndi mtengo wake. Mgodi umatsekedwa chuma chikadali pansi ngati wogula wasintha maganizo, ndipo tonse tikumva mmene mayiko ambiri akuyankhulira za kusiya malasha.

Mlimi_wa_Ulongue
Nkhani ya mgodi ndaimva, koma chimene chikundivuta ndi cha ziweto. Ndimamva kuti anthu a kumeneko ndi oweta, pamene zithunzi zikuonetsa miyala yokhayokha. Ine ndili ndi ng'ombe 14 kuno ku Angónia kumene mvula imagwa yokwanira, koma ikafika Okutobala zimaonda mpaka kuwerenga nthiti. Nanga ng'ombe ya m'chipululu imadya chiyani, mchenga?

Mlangizi_wa_Ziweto
Bambo a ku Ulongue, funso lanu ndi labwino, ndipo ndiliyankha monga munthu amene anakhala milungu iwiri m'dera la Omaruru pa maphunziro a ntchito yathu. Yankho lake ndi kukula kwa malo. Kumeneko famu imodzi imakhala mahekitala masauzande angapo, yotchingidwa ndi waya ndi kugawidwa m'zigawo, ndipo ng'ombe imodzi imawerengeredwa mahekitala ambiri, osati ng'ombe zambiri pa hekitala imodzi monga timachitira pa dambo la kwathu. Zikadya chigawo chimodzi amazisamutsira kwina kuti udzu upume. Udzu wakenso ukauma suwola msanga chifukwa kulibe chinyezi, choncho umaima chiimire ngati chakudya chosungidwa. Madzi amachokera pansi pa nthaka, ndipo amakokedwa ndi pampu yoyendera mphepo kapena ya dzuwa n'kuthiridwa m'thanki ndi m'zomwera.

Koma mukamachoka ku Omaruru kulowera kumadzulo, mvula imanka ichepa ndipo ng'ombe nazo zimachepa. Kufupi ndi Uis malo ndi a anthu onse, osati a munthu mmodzi, ndipo Adamara a kumeneko amadalira kwambiri mbuzi, nkhosa ndi abulu, popeza mbuzi imadya masamba a mitengo ya minga ndi nyemba zake zogwa pansi m'mitsinje youma. Pa chaka mvula ya kumeneko siifika ngakhale theka la imene imagwa mumzinda wa Tete, umene ife timauyesa wouma.

Chimene chinandichititsa manyazi monga mlangizi ndi kalembera. Ng'ombe iliyonse ya m'mafamu ili ndi chizindikiro cha pa khutu chokhala ndi nambala, ndipo ikasamuka pamafunika chikalata. Ndi chifukwa chake nyama ya kummwera kwa mpanda umene a Woyendetsa_Thiraki_Tete atchula uja imagulitsidwa ku Ulaya, ndipo mu 2020 Namibia inakhala dziko loyamba mu Africa kutumiza nyama ya ng'ombe ku United States. Ife mbuzi za ku Changara ndi ku Marara zimakwezedwa pa thiraki kupita ku Maputo zili zamoyo, zina n'kufera m'njira, ndipo phindu lalikulu limatsala kwa wogula.

Mlimi_wa_Ulongue
Mayi, mwafotokoza bwino, koma waya umenewo ine sindiufuna. Kwathu kuno mwana wa mnzanga amadyetsa ng'ombe zake pamodzi ndi zanga pa dambo limodzi, ndipo tikakolola zimalowa m'minda ya aliyense kukadya mapesi. Munthu mmodzi akatchinga mahekitala 5,000, enawo akaweta kuti?

Mphunzitsi_Wopuma
Pamenepo mwagunda pa chilonda chenicheni cha dziko lija. Mafamu aakuluwo sanagwe kumwamba. Pa nkhondo ya 1904 mpaka 1908 Ajeremani anapha Aherero ndi Anama ochuluka zedi n'kulanda malo ndi ng'ombe zawo, ndipo m'zaka za ulamuliro wa South Africa anthu akuda anakankhidwira ku malo ouma a m'mphepete mwa chipululu. Dera la Uis linali mbali ya chigawo chimene chinapatulidwira Adamara chotchedwa Damaraland. Choncho mlendo akamasirira waya wowongoka ndi ng'ombe zonenepa za ku Omaruru, akumbukirenso chifukwa chake mwini mbuzi ali ku miyala. Nkhani ya malo ikadali yotentha ku Namibia mpaka lero.

Mayi_a_ku_Cateme
Aphunzitsi, zimenezo sitifunika kukwera basi masiku anayi kuti tikazimve. Ife tinasamutsidwa kuti mgodi udutse, ndipo munda umene tinapatsidwa unali wa miyala, kutali ndi mtsinje ndiponso kutali ndi msika umene ndinkagulitsako masamba. Amuna anga ankaumba njerwa, koma dothi lake linatsalira mkati mwa mpanda. Ngati a Mwana_wa_Macanga apita, akatifunsire chinthu chimodzi chokha: pamene mgodi unatsekedwa, madzi a pa mpopi anapitiriza kutuluka kapena anatha nawo limodzi?

Nkhalamba_ya_Zobue
Limeneli ndiye funso, osati za zithunzi za pa phiri.

Wophunzira_za_Miyala
Za pa phirizo musazinyoze, bambo, chifukwa ndi zimene zinathandiza kuti tauniyo isafe. Phiri lofiira la pa zithunzi lija ndi Brandberg, ndipo nsonga yake yotchedwa Königstein, ya mamita 2,573, ndi malo okwera kwambiri m'dziko lonse la Namibia. Lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kuchoka ku Uis. M'mapanga ake muli zojambula zamakedzana zikwizikwi, ndipo chodziwika kwambiri ndi chimene azungu anachitcha White Lady, chimene Mjeremani wina woyeza malo, Reinhard Maack, anachipeza mu 1918. Alendo opita kukachiona ndi amene amagona ku Uis, kumwetsa mafuta ndi kugula chakudya. Kumpoto kwa phirilo kuli mtsinje wa Ugab, umene nthawi zambiri umakhala mchenga wokhawokha, ndipo mumayenda njovu zozolowera chipululu zimene zimakumba mchengawo kuti zipeze madzi. Anthu enanso amakumba miyala yokongola ndi manja, monga amethyst ndi tourmaline, n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu, monga mmene anyamata athu a ku Chifunde amasakira golide.

Kwa ife Achewa zojambula za m'mapanga si zachilendo. Kutsidya kwa malire a Angónia, ku Chongoni m'boma la Dedza, kuli zojambula zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wake wa malo ofunika kusungidwa mu 2006, ndipo zina mwa izo ndi za chinamwali ndi za nyau. Ndi angati mwa ife amene anapitako, ngakhale kuli kufupi chotere?

Mlimi_wa_Ulongue
Ine ndimadutsa pa Dedza mwezi ndi mwezi, koma sindinakwereko.

Woyendetsa_Thiraki_Tete
Ndiwonjezere chinthu chimodzi, achimwene a ku Macanga. Mawu akuti chipululu asakupusitseni kuti mutenge malaya opepuka okhaokha. Mu Julaye usana kumatentha ndithu, ngakhale sikufika pa ng'anjo ya Tete ya mu Novembala, koma usiku kumazizira ngati ku Tsangano. Mutenge jekete, chipewa ndi mafuta opaka pa milomo, chifukwa mpweya wake ndi wouma moti milomo imang'ambika tsiku lachiwiri. Chipwitikizi sichikakuthandizani kwenikweni. Anthu amayankhula Chidamara, chimene chili ndi mawu olira ndi lilime, komanso Chiafirikanzi ndi Chingerezi.

Mwana_wa_Macanga
Akuluakulu ndi amayi, ndabwerako, ndipo ndaona kuti si ulemu kulandira malangizo n'kungokhala chete. Ndinakhalako masiku asanu ndi limodzi.

Ndiyambe ndi funso la Mayi_a_ku_Cateme, popeza ndinalifunsa kwa bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito pa mgodi wakale ndipo sanachoke pamene anzake ankachoka. Madzi sanathe. Amachokera ku zitsime zokumbidwa mu mchenga wa mtsinje wa Omaruru, kutali ndithu ndi tauni, n'kubwera ndi paipi. Chimene chinasintha ndi wolipira. Kale zonse zinali pa msana wa mgodi, koma utatsekedwa aliyense anayenera kudzilipirira pamene malipiro analibe. Bamboyo anandiuza kuti banja lake linapulumukira pa zinthu zitatu: mbuzi zimene mkazi wake sanasiye kuweta ku mudzi nthawi yonse imene iye ankalandira malipiro, tini amene ankadzikumbira ndi nyundo ndi fosholo n'kumagulitsa pang'onopang'ono, ndi ndalama ya okalamba imene boma la kumeneko limapereka mwezi ndi mwezi. Anaseka pondiuza kuti masiku a mgodi ankanyoza mbuzizo ndipo ankafuna kuzigulitsa kuti agule galimoto. Ndinaonanso kuti dothi lina lotsala la mgodi amaumbira njerwa, ndipo ndinakumbukira amuna anu, mayi.

Tauni yake ndi yaing'ono moti munthu amaizungulira wapansi asanatope. Pali malo omwetsera mafuta, sitolo, malo angapo ogona alendo, ndi nyumba za mgodi wakale zomangidwa mofanana m'mizere. Mulu woyera uja umaoneka uli kutali, ndipo dzuwa likamalowa umasanduka wofiirira. Chimene sindidzaiwala ndi bata la usiku. Ku Moatize tinazolowera kulira kwa sitima ndi fumbi lakuda limene limagwera ngakhale pa ufa woyanika, koma kumeneko ndinatuluka panja usiku woyamba n'kumva bulu akulira kutali kwambiri, ndipo nyenyezi zinali zochuluka ngati za ku Furancungo ndili mwana.

Tsiku lachitatu tinapita ku Brandberg. Salola kulowa popanda wotsogolera wa m'deralo, ndipo tinayenda pafupifupi ola limodzi m'chigwa cha miyala tisanafike. Chojambula chotchukacho ndi chaching'ono, chosakwana kutalika kwa mkono, chili pansi pa thanthwe lopendekeka, ndipo wotsogolerayo anatiuza kuti si mkazi ndiponso si mzungu, koma mwamuna wopakidwa zoyera m'miyendo monga wa pa mwambo, atanyamula uta. Ndinamuuza kuti kwathu munthu wodzipaka zoyera pa bwalo sitimufunsa dzina, ndipo anamvetsa msanga kuposa alendo a ku Ulaya amene tinali nawo.

Pobwerera tinaima pamene mayi wina anayala miyala pa lata lakale loikidwa pa matayala awiri. Pambali pake panali ngolo ya abulu atatu yopangidwa ndi theka la kumbuyo la galimoto yakufa, ndipo mu ngolomo munali zigubu za madzi za mbuzi zake. Ndinagula kamwala kofiirira kowala ngati galasi. Mayi a kunyumba anakalandira n'kukayang'ana mbali zonse, ndipo pano kakutsekereza chitseko cha kukhitchini kuti chisamenyedwe ndi mphepo. Koma nkhani ya bambo wachikulire uja aimvetsera mpaka kumapeto, ndipo tagwirizana kuti ndalama ya mwezi wa 13 (malipiro owonjezera a kumapeto kwa chaka) chaka chino igule mbuzi zisanu zikakhale kwa malume ku Macanga.

Nkhalamba_ya_Zobue
Mukanapanda kupita zikanakhala mbuzi khumi ndi zisanu.

Mayi_a_ku_Cateme
Zikomo pondifunsira, bambo. Mbuzizo mukagule mwezi wa Janyuwale kapena Febuluwale, pamene anthu amagulitsa motsika mtengo chifukwa cha njala ndi zofunika za sukulu, osati mu Disembala.

Mlangizi_wa_Ziweto
Mugule zazikazi zinayi ndi tonde mmodzi wochokera ku khola lina, ndipo muzipatse mankhwala a njoka za m'mimba zisanasakanikirane ndi za malume anu. Ku Macanga kuli chinyezi kusiyana ndi ku Changara, choncho khola likhale la m'mwamba kuti ziboda zisaole nthawi ya dzinja.

Mlimi_wa_Ulongue
Za waya sindinasinthe maganizo, koma pampu yoyendera mphepo ija yandikhala pa mtima, chifukwa kuno ku Angónia mphepo ya mwera imangowomba pachabe kuyambira Juni mpaka Ogasiti pamene ng'ombe zikuyenda mtunda kufuna madzi. A Mwana_wa_Macanga, mupemphe mlamu wanuyo, popeza ndi wokonza makina, kuti akapita ku Omaruru akajambule pampu imodzi pafupi, makamaka pamene ndodo yake imalowera m'chitsime ndi pamene pali magiya kumwamba. Ku Ulongue kuli mnyamata wowotcherera zitsulo amene ndikufuna ndikamuonetse.